Msoko wa M'khwapa

Anafika magetsi atazima kale ku Mbare,
fumbi la ku Mutoko lili mbuu pa nsapato,
mkanjo wofiira ataupinda m'jumbo.
Amvekere, telala, ukufunika mawa kusanache.
Ndinayatsa kandulo. Makina angawa safuna magetsi,
amafuna phazi basi.
Anandisiyira ndi bambo,
pamodzi ndi dzina la Kaphwiti
ndi chilembo cha mlendo pa chitupa,
ngakhale mchombo wanga unagwera kuseri kwa hositelo yomwe ino.

Mkanjowo unang'ambika m'khwapa.
Thumba nalo linali lobooka.

Anakhala pa kireti ya mabotolo Mfumu Zvarimwa,
amene kale ankaphunzitsa masamu,
chipewa choyera chosiya atsamunda chili pabondo,
mkuwa wa pachifuwa, wonga mwezi wobenthuka,
akuupukuta ndi kampango.
Mawa mu holo yaikulu ya m'tauni
nduna idzaitana mafumu mmodzimmodzi:
kiyi wa galimoto, chithunzi, nthungululu.

Nditapisa dzanja kufuna chibowo
ndinapeza mapepala awiri.
Loyamba lotayipa bwino, lonunkhira ofesi,
Ife mafumu tikuthokoza boma,
posaina atachongapo kale ndi pensulo.
Lachiwiri tsamba lothothola m'kope la mwana wasukulu,
zala zodinda thothotho mpaka m'mphepete:
manda makumi atatu ndi anayi,
chitsime chimodzi,
phiri limene makina akucheka ngati buledi,
mwala wakuda n'kumachoka pa malole usiku.

Sindinafunse. Telala amayeza mapewa, sayeza mtima.
Anayamba okha, maso ali pa kandulo.
Amvekere, kumene kumachokera malipiro anga
n'komwenso kunachokera chilolezo cha mgodiwo.
Amene anandiveka mkanjowu
akhoza kundivula ndi kalata imodzi.
Koma odzandinyamula pa tsiku langa
ndi eni zala zimenezo.
Galimotoyo ndikuifuna, ndisaname.
Dzinja lathali mayi wina anachirira pa ngolo
tisanafike pa mlatho.
Khandalo tinaliika madzulo ake.

Ndinati, kwathu amati mapanga awiri avumbwitsa.
Anaseka. Kwanu kuti?

Singano inandibaya.
Kwathu ndi Dedza wa m'kamwa mwa bambo,
phiri limene sindinaliwonepo,
mfumu imene sidziwa kuti ndinabadwa.
Bambowo agona ku Mbudzi, m'manda ogula,
nambala pa kachitsulo.
Ku ofesi ya zitupa atati bwera ndi kalata ya mfumu yako
ndinatulutsa lisiti la lendi.

Amvekere, ndiye kuti ndiwe mfulu,
palibe wokugula, palibe wokugulitsa.
Ndinati, nsalu yopanda mpendero
imasosoka yokha, palibenso woidandaula.

Tinakhala chete. Ku Musika basi yomaliza inaliza hutala.
Ndinasoka m'khwapamo kawiri,
ndi ulusi umene ndimasungira matenti a pamaliro.
Thumba ndinaliika chigamba cha yunifolomu yakale.
Pepala lotayipa analipinda, nalowetsa m'thumbamo.
La zala lija analiyang'ana nthawi yaitali
kenaka analifutika m'chipewa
n'kuchivala, usiku womwewo, m'nyumba.
Anandilipira madola atatu ndi mtedza wa m'botolo.

Mawa lake, pa kanema wa kometera tsitsi,
ndinaona mizere yofiira, zipewa zoyera ngati bowa.
Nduna inali kuwerenga maina, makiyi akulira pa mbale.
Ndinawazindikira pa mzere wachinayi.
Ataitanidwa anaimirira mochedwa,
dzanja lamanzere lili pa chipewa,
lamanja analikweza m'mwamba ndithu.
Kaya linali lolandira kiyi,
kaya lopempha kuyankhula,

magetsi anazima.

Wometa anatukwana, makina ali m'mutu mwa munthu.
Ine ndinabwerera ku kireti yanga ndi chimodzi chokha
chimene ndinachiona ndi maso angawa:
mkonowo unakwera mpaka pothera,
msoko wanga sunaphwasuke.